Msana wa Msewu ndi Njinga za Kabaza pa Kameza

Msewu wa M1, umene umachoka mumzinda wa Blantyre n'kudutsa pa Kameza, pomwe pamapatukira msewu wa ku bwalo la ndege la Chileka, usanapitirire ku Lunzu ndi ku Zalewa, uli m'dera limene kale munkadutsa amtengatenga. Kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo anthu ankaitcha Mandala, inkatsitsa katundu m'sitima kumunsi kwa mathithi a mtsinje wa Shire, n'kusenzetsa anthu katunduyo kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, kumene sitima zina zinkayambira ulendo wa kunyanja. Phazi la munthu silinkafuna njira youmbidwa mwaluso, koma ngolo ndi galimoto zitafika, atsamunda anabweretsa kamangidwe ka kwawo, kochokera kwa anthu monga John Loudon McAdam, amene anayamba kuyang'anira misewu ya ku Bristol mu 1816 ndipo ankalimbikira kuti nthaka ya pansi pa msewu izikhala youma nthawi zonse.

Pofuna kuthamangitsa madzi, omanga amakweza pakati pa msewu n'kutsitsa m'mbali ngati denga la nyumba, ndipo kukwera kwa pakatiko ndiko msana wa msewu. Pa msewu wa phula kutsikako kumakhala masentimita 2 kapena 3 pa mita iliyonse, pomwe pa msewu wa dothi kumafika 4 mpaka 6 chifukwa madzi sayenda msanga pa dothi. Galimoto, poti imaima pa matayala anayi, sikumva kwenikweni kupendekeka kumeneku. Njinga yamoto imakumva, pakuti imaima pa tizigawo tiwiri ta mphira tosaposa chikhatho. Popeza m'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, msewu umakokera njinga chakungalande, ndipo woyendetsa amakhala akuibweza pang'onopang'ono ngakhale pamene njira ili yowongoka. Akamakhotera kumanzere kupendekekako kumamuthandiza, koma akamakhotera kumanja njinga imaweramira kwina msewu ukutsikira kwina, motero tayala limagwira ndi m'mphepete ndipo silichedwa kuterereka. Pa raundabauti, pomwe aliyense amazungulira chakumanja ndipo omanga kawirikawiri amatsitsa phula chakunja kuti madzi asadikhe pakati, vutoli limakhalapo kuyambira polowa mpaka potuluka, makamaka kukagwa mvula yoyamba imene imasungunula mafuta otayika pa phula.

Ntchito ya kabaza inayamba ndi njinga zakapalasa, ndipo zamoto zinachuluka m'zaka za m'ma 2010, pamene njinga zotsika mtengo zopangidwa ku China ndi ku India zinayamba kulowa zambiri, zina kudzera ku Mozambique. Achinyamata osowa ntchito anapezapo chochita, nayamba kunyamula anthu kuchokera pa Kameza kupita ku Machinjiri, ku Chirimba ndi m'midzi ya ku Chileka kumene minibasi sizifika. Anapeza msewu womangidwa kale popanda wowaganizira, ndipo mathiraki ndi minibasi zinawakankhira kumphepete, komwe phula limakhala lodyeka, mchenga wokokoloka umaunjikana, ndipo phazi lamanzere limasowa pofika njinga ikaima itanyamula munthu ndi thumba la chimanga.

Anthu ambiri a kabaza ndi okwera awo amakagonekedwa ku chipatala cha Gulupu atathyoka miyendo, ndipo mlandu kawirikawiri umagwera liwiro, kusowa ziphaso ndi kusavala zipewa zodzitetezera, zimene zilidi zoona. Komabe si chilungamo kuiwala msewu weniweniwo. Msana wake sungachotsedwe, chifukwa mvula ngati ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inaonetsa zimene madzi amachita ku Blantyre akasowa kolowera. Zimene zingatheke ndi kukonza mphepete mwa phula, kusesa mchenga pokhota ndi kutsegula ngalande mvula isanayambe, ndipo ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre.