MBIRI YA KUWERENGERANA MABUKU M'BOMA LA MCHINJI

Pokamba za nchito ya mabuku m'cigawo ca Kamwendo, nkoyenera kuti mamembala a Bungwe ayambe akumbukira kuti anthu a kuno anadziwa kuwerengerana kale, asanaone nyumba ya mabuku ndi imodzi yomwe. Buku linafika m'midzi monga katundu wosowa, ndipo cinthu cosowa Acewa ndi Angoni sacidya yekha munthu mmodzi.

Amene anadza nalo ndiwo amishoni. A Dutch anamanga pa Mvera m'caka ca 1889 ndi pa Nkhoma mu 1896, ndipo anzao a mpingo womwewo anakhazika Magwero mu 1899, tsidya lija la malire kufupi ndi Fort Jameson, imene lero ichedwa Chipata. Ansembe a White Fathers anafika pa Kachebere mu 1903. Masiku amenewo boma lino linkadziwika ndi dzina lakuti Fort Manning. M'masukulu a m'midzi mphunzitsi ankapacika pepala limodzi la malembo pa mtengo kapena pa khoma la kacisi, ana ndi akuru omwe nabwereza pamodzi mokweza mau. A Dutch anafunitsitsa kuti wofuna ubatizo azidziwerengera yekha Mau a Mulungu, ndipo pamene Buku Lopatulika linaturuka lathunthu mu 1922, ndilo linasanduka buku loyamba, kawirikawiri lokhalo, la pa banja.

Komatu cimene cinakhwimitsa mwambo wa kuwerengerana koposa ndico makalata a amuna opita ku ulendo. Ambiri a m'boma lino ananka ku minda ya fodya ya Azungu ku Fort Jameson, ena ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Joni ndi Wenela. Kalata ikafika, mkazi wosadziwa malembo ankafuna mphunzitsi kapena mwana wa sukulu. Ndipo pakuti nkhani ya wapaulendo ndi ya mudzi wonse, apongozi, atsibweni ndi anansi ankasonkhana pa khonde kudzamva. Wowerenga ankabwereza kawiri kapena katatu, makamaka pamene panachulidwa ndarama. Cinsinsi panalibe, ndipo maukwati ena anagwedezeka naco cimeneci. Koma anthu anazolowera kukhala cete pamene wina awerenga, ndi kutsutsana pambuyo pace za tanthauzo la mau. Amene lero aphunzitsa za magulu a owerenga mabuku monga nzeru yacilendo, aphunzitsa cimene agogo a pa Kamwendo anacita zaka zana zapitazo.

Mabuku a m'cinenero ca anthu anayamba kucuruka pang'ono ndi pang'ono. Bambo Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, mbiri ya Mcewa kuyambira kubadwa kwace, kupulupudza kwace, kufikira ufumu ndi imfa yace. Ndipo mu 1933 bukulo linapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ku London. Bambo T. Cullen Young analitembenuza m'Cingerezi mu 1934. Pambuyo pace Ntara analemba Mbiri ya Acewa, atayenda kufunsa nkhalamba za mafumu ndi maulendo a makolo. Buku lotere silikoma kuliwerenga cinunu m'nyumba. Linatengedwa pa bwalo, ndipo pa bwalo pomwepo ndipo liyenera kubwerera, pamene mkuru womva angathe kuimitsa wowerenga ndi kunena kuti kwao nkhaniyo saikamba comweco.

Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazika ku Lusaka bungwe limodzi losindikiza mabuku a anthu akuda, ndipo timabuku ta Cinyanja ta mtengo wocepa, monga ta Bambo E. W. Chafulumira, tinkawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire. Kwa boma la m'malire monga lino, imeneyo inali nyengo yabwino. Maiko awiriwa atalandira ufulu mu 1964, lirilonse linayenda njira yace. Mu 1968 Malawi anacha cinenero cace Cicewa, Zambia nasunga dzina la Cinyanja ndi kalembedwe kace. Motero abale a ku Mwami ndi a ku Mchinji, olankhula zofanana, analeka kuphunzira m'mabuku amodzi.

Lamulo lokhazika National Library Service linapangidwa mu 1967, nchito niyamba caka cotsatira. Cinali cinthu cacikuru, ndipo bungwelo linayesetsa kutumiza mabuku ku masukulu ndi ku timalo tating'ono ta m'midzi, kenaka nilisindikiza mabuku a ana ochedwa Werengani. Koma mabuku ambiri a m'mashelefu anali a Cingerezi, mphatso zocokera kunja, zokamba za cisanu ndi mizinda imene mlimi wa mtedza sadzaiona. Ndiponso caka comweco ca 1968 cinabala lamulo lina, loletsa mabuku ndi zithunzi zimene Boma silinakondwere nazo. Mabuku mazanamazana analetsedwa. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 wosaweruzidwa mlandu. M'zaka zotere anthu asanu kusonkhana madzulo kukambirana za buku kunali kudziitanira mafunso, ndipo ambiri anaona kuti nkwabwino kungokhala.

Sukulu za kwaca, zimene Boma linazikuza m'dziko lonse kuyambira 1986, zinatsegula maso a amai ambiri ndi buku lija la Chuma ndi Moyo. Bvuto linali pambuyo pa maphunziro. Munthu wotsiriza miyezi yace ya sukulu, akabwerera ku nyumba kopanda cowerenga koma thumba la feteleza, malembo amthawa monga khasu licita dzimbiri pa dzinja losalima. Mu 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo ana olembedwa anakwera kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'caka cimodzi. Mabuku sanakwere nao. Pomwepo panakula cizolowezi coipa cimene cikalipobe m'malo ena, ca kutsekera mabuku m'kabati kuopa kuti angang'ambike kapena kusowa, mkuru wa sukulu nafunsidwa. Ciswe ndi makoswe ndiwo apindula ndi kusamala kotere. Buku long'ambika cifukwa ca kupita m'manja makumi asanu latha nchito yace bwino, ndipo oyang'anira masukulu akadayenera kuyamba kufunsa za mabuku oyera osakhudzidwa, osati akuda.

Cimene kanyumba kakang'ono ka mabuku kangathe kucita cinaoneka m'boma la Kasungu, kumene mseu wopatuka pa mphambano ya Kamwendo ulowera. M'njala ya 2001 ndi 2002, mnyamata wa ku Wimbe, William Kamkwamba, analeka sukulu ya sekondale posowa fizi, ali ndi zaka 14. Pa sukulu ya pulaimale ya kwao panali laibulale ya mashelefu atatu okha. Mphunzitsi woisunga sanamcotse cifukwa cakuti sanalinso mwana wa sukulu, koma anambwereka mabuku, namthandiza kufuna matanthauzo a mau a Cingerezi amene anamkanika. M'menemo anapeza buku la ku America lochedwa Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina oyendera mphepo pa cikuto cace. Iye pamodzi ndi bwenzi lace ndi mbale wace anatola zitsulo za kudzala, njinga yakutha ya atate wace ndi mitengo ya bulugama, namanga makina opanga magetsi mu 2002. Pomawakonza pang'onopang'ono, anafika poyatsa nyali zinai ndi mawailesi awiri pa nyumba ya makolo ace. Nyali yoyamba anaipacika m'cipinda cace cogona, nawerengerapo usiku.