Madzi Akaphwa, Mtsikana Abwerere ku Sukulu

"Madzi saiŵala khwaŵa," amatero akuluakulu, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi tauwona mwambiwu ndi maso athu. M'Januwale 2015 mvula inagwa masiku ambiri osakata, mitsinje inasefukira, ndipo Mtsogoleri wa dziko, a Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 15, kuphatikizapo lathu lino, agwa m'ngozi. M'Malichi 2019 madzi aja anabweranso. Madenga a sukulu zina anasasuka, zimbudzi zinatitimira, ndipo zipinda zotsala zinasanduka misasa ya anthu osoŵa pogona.

Poŵerengera zowonongeka timatchula njerwa ndi malata, koma atsikana amene sanabwererenso m'kalasi timaŵaiŵala. Mnyamata angathe kuphunzira pansi pa mtengo wa mango, nathamangira kutchire akafuna kudzithandiza. Namwali sangatero, popanda chimbudzi chotseka ndi madzi osamba, masiku a kumwezi amakhala pakhomo. Pakhomopo ntchito siisoŵa: kutunga madzi, kulera ana, kuyanika usipa. Tsono njala ikaloŵa m'banja, mwamuna wobwera ndi ndalama za ku Joni kapena za kunyanja sachedwa kulandiridwa.

Chaka cha 2020 chinatiphunzitsa kuti choopsa kwenikweni ndi masiku amene mwana atha ali kunja kwa sukulu. Makoma sanagwe chaka chimenecho, koma pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. A zaumoyo analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Juni atsikana oposa 7,000 anatenga mimba m'boma lino, chiŵerengero choposa cha miyezi yomweyo m'chaka cha 2019.

Komatu khomo lobwerera linatsegulidwa kale. Mu 1993 Boma linaloleza kuti mtsikana wobereka abwerere ku sukulu. Mu 1994, a Bakili Muluzi atatenga utsogoleri, maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Mu 2014 mabungwe a UNICEF, UNFPA ndi WFP, mothandizidwa ndi dziko la Norway, anayamba ntchito yolimbikitsa maphunziro a atsikana ku Mangochi, Salima ndi Dedza, pogaŵanso chakudya pa sukulu. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Zonsezi n'zabwino ndithu, koma lamulo lilibe denga. Mtsikana wololedwa kubwerera akapeza chipinda chogumuka, amatembenuka, ndipo kaŵirikaŵiri sabweranso kachiŵiri.

Chomwecho madzi akaphwa tisadikire chilimwe chachiŵiri. Tiwumbe njerwa, timange pamtunda pomwe khwaŵa silifika, ndipo tiyambe ndi zimbudzi za atsikana. Denga likatha, amayi a m'gulu la pa sukulu atenge kaundula wa maina, ayende khomo ndi khomo kufunsa za mwana aliyense amene sanawoneke. Pakuti sukulu sinathe kumangidwa mpaka mtsikana wotsiriza uja atakhalanso pa malo ake.