Inde wa Azungu Amene Amamveka Ngati Ayi

Tsiku lina tinali kumvetsela zokambilana za ku Nyumba ya Malamulo pa wailesi, ine na amalume amene anabwela kudzaticezela kucoka ku Katete. A Sipikala anafunsa funso, aphungu n'kuyankha capamodzi mofuula kuti "Aye!" Amalume anaomba m'manja. "Akana! Onse akamba kuti ayi." Zinanitengela nthawi kuwakhutilitsa kuti zimene anamvazo kunali kuvomela, ndipo nkhaniyo inali itadutsa kale.

Sin'nawaseke amalume. Liu la Cingelezi lakuti aye limachulidwa kuti "ai", ndipo m'khutu la munthu wokamba Cinyanja limagwa ndendende monga ayi wathu. Koma tanthauzo lake ni inde.

Liuli linayamba kuonekela m'zolemba za ku England ca m'ma 1570, pamene yes na yea anali atakhala kale m'cinenelo zaka mahandiledi ambili. Poyamba anali kulilemba na cilembo cimodzi cabe, I, monga liu lija lotanthauza "ine". Ndiye cifukwa cake akatswili ena amati linacokela kumeneko, monga munthu akuti "ine navomela". Ena amati linacokela ku liu lakale lotanthauza "nthawi zonse". Shakespeare analikonda. Mu sewelo la Romeo and Juliet analiseŵeletsa pamodzi na I komanso eye, diso, pakuti onse atatu amamveka cimodzimodzi.

M'kupita kwa nthawi, Cingelezi ca ku London cinalisiya n'kutsala na yes, ndipo ico ndiye Cingelezi cimene cinafika m'mabuku athu a kusukulu. Koma kumpoto silinafe. Ku Scotland, ku Northern Ireland, ku Yorkshire na ku Newcastle, aye ni liu la m'basi na la m'shopu mpaka lelo. Anthu a ku Newcastle akavomeleza na mtima wonse amati "why aye". Imwe okonda bola, chelani khutu pamene wosewela wa ku Glasgow afunsidwa mafunso maseŵela akatha, mudzalimva.

Linatsalanso m'malo aŵili amene anthu sakonda kusintha mwambo. M'sitima za nkhondo za pamadzi, msilikali akauzidwa cocita amayankha kuti "aye aye, sir". Uku sikuvomela cabe. Akutanthauza kuti wamva lamulo ndipo adzalicita.

Malo ena ni ku House of Commons. Kumeneko Sipikala amauza ovomela kuti akambe "aye", okana akambe "no", ndipo amaweluza na khutu mbali imene yamveka kwambili. Ngati ena atsutsa ciweluzo cake, mavoti amaŵelengedwa mmodzi-mmodzi. Nyumba inzake ya House of Lords ilibe nalo nchito liuli, kumeneko wovomela amati "content". Mwambo wa ku Commons ndiwo unafika kuno. Northern Rhodesia inakhala na Legislative Council mu 1924, ndipo titalandila ufulu mu 1964 tinasintha mbendela na dzina la dziko, koma kavotedwe ka pakamwa tinakasunga. Conco pa Manda Hill mukamva kuti "the Ayes have it", dziŵani kuti ovomela apambana. Kwa ine ici si cinthu cacing'ono. Bajeti na misonkho zimadutsa na liu limeneli, ndipo munthu womvetsela ku Chawama kapena ku Katete angazime wailesi akuganiza kuti zakanidwa.

Koma amalume sanalakwe kothelatu. Ku Glasgow, ukauza mnzako nkhani yokayikitsa, mwina kuti udzamubweza ndalama zake mailo m'mamaŵa, amakuyang'ana n'kunena mokoka kuti "aye, right". Mau onse aŵili ni ovomela, koma iye akutanthauza kuti wanama ndipo sakukhulupilila olo pang'ono. Nitawafotokozela zimenezi amalume, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Waona, mphwanga? N'nali kudziŵa kuti muli ayi mmenemo."