Mbalame za Kafue Flats ndi madamu athu awiri

Munthu akati Kafue, ambiri a ife timaganiza za Nitrogen, za Kafue Textiles imene inagwa, za mlatho wa sitima wa mu 1906, kapena nsomba zoŵamba za m'mbali mwa msewu wopita ku Mazabuka. Za mbalame sitiziika m'mutu. Timati kuyang'ana mbalame ndi ntchito ya azungu, aja oyenda ndi magalasi oonera patali ndi zipewa zazikulu. Koma kuseri kwa mafakitale athu, kumadzulo, kumayambira dambo lalikulu la Kafue Flats, la makilomita pafupifupi 6,500 mbali zonse, limene anthu amachokera kutsidya la nyanja kudzaliona.

Mbiri ya dambo limeneli ndi ya tauni yathu zinalukana m'zaka khumi zokha. Mu 1967 boma la Kaunda linakhazikitsa Nitrogen Chemicals of Zambia, ndipo feteleza anayamba kutuluka mu 1970. Mafakitale afuna malaiti, choncho kumunsi kwathu anatseka mtsinje pa Kafue Gorge, makina n'kuyamba kuzungulira mu 1971. Chaka chotsatira, mu 1972, famu yakale ya ng'ombe ya Lochinvar, kufupi ndi Monze, inasanduka paki ya dziko. Tsidya la kumpoto, banja la a Critchley linapereka famu yawo, imene lero ndi Blue Lagoon. Ndiye mu 1977 damu la Itezhi-Tezhi linatha kumangidwa kumtunda, kuti lizisunga madzi a Kafue Gorge. Dambo linapezeka pakati pa zipupa ziwiri.

Apa ndiye pali nkhani. Kale madzi ankadzaza dambo nthawi ya mvula, n'kumaphwa pang'onopang'ono m'chilimwe. Akamabwerera, m'mbuyo mwake munkaphuka msipu wanthete. Msipu umenewo ndiwo unkadyetsa ng'ombe za Aila ndi Atonga, komanso lechwe, mphoyo ija yoyenda m'madzi, imene mtundu wake wa ku Kafue supezeka kwina kulikonse padziko. Lechwe zikadya udzu ndi kupondaponda matope, mbalame zinkapeza potola chakudya. Madamu atabwera, madzi anayamba kumvera magetsi, osati nyengo. Malo ena amene ankauma anakhala m'madzi chaka chonse, ena amene ankamira analeka kumira. Omanga anali ataziona zimenezi, n'chifukwa chake anaika lamulo loti m'mwezi wa March Itezhi-Tezhi izitulutsa madzi ochulukirapo, kutengera chigumula chakale. Koma chaka cha chilala, ZESCO ikamaŵerenga dontho lililonse, lamulo lotere limalemera. Tonse tikukumbukira mdima wa 2024, ndipo tinene zoona, palibe wa ife amene ankadandaulira lechwe masiku amenewo.

Lechwe zinali pafupifupi 100,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pofika 2015 zinali zosakwana 30,000. Si madamu okha: mfuti ndi misampha zachita mbali yake, ndipo nyama ina imathera m'mapoto a m'matauni mwathu muno. Kunabweranso chitsamba chaminga chochokera ku America, Mimosa pigra, chimene chinaphimba msipu wa ku Lochinvar mpaka anthu a m'midzi yozungulira analembedwa ntchito yochidula ndi manja. Kwathu kuno tinaona m'bale wake wa pamadzi, namasupuni, uja timangomuti Kafue weed, atatseka mtsinje pa mlatho m'zaka za m'ma 1990, atanenepa ndi zonyansa zochokera m'mafakitale, m'minda ndi m'zimbudzi.

Chodabwitsa n'chakuti mbalame sizinathaŵe. Ku Lochinvar kokha anaŵerengako mitundu yoposa 400. Dambo linalembedwa pa mndandanda wa Ramsar mu 1991, ndipo ndilo likulu la wattled crane padziko lonse, mbalame yaitali ngati mwana wa sukulu, ya tinyama tolendeŵera pakhosi. M'mikuyu ya m'mphepete mwa dambo mumakhala Chaplin's barbet, yoyera, yofiira mozungulira maso, imene simungaione kunja kwa Zambia. Dzinalo ndi la bwana wachitsamunda, n'chifukwa chake ambiri lomba amangoti Zambian barbet. Imaswera m'mphako za mikuyu, ndiye mkuyu uliwonse wogwetsedwa ndi nyumba yake yapita.

Oŵerenga mbalamezi ali ndi bungwe lawo, BirdWatch Zambia, limene linayamba mu 1969 ndi dzina la Zambian Ornithological Society, ndipo masiku ano muli Azambia achinyamata ambiri kuposa mmene timaganizira. Poyambira sipafuna ndalama ya ku paki. M'maŵa, malole asanachuluke, m'mbali mwa mtsinje kumunsi kwa mlatho mumakhala akakowa, atsekwe ndi nantchengwa, ndipo nkhwazi ya pa mbendera yathu imalira pamenepo, pafupi ndi mipope yokoka madzi opita ku Lusaka.