Kuwedza nsomba za trout ndi nyambo ya nthenga ku Nyika

Uku ndi kuwedza kogwiritsa ntchito nyambo yomangidwa ndi nthenga ndi ulusi pa mbedza, yofanana ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Popeza nyamboyi ndi yopepuka kwambiri, imafika patali chifukwa cha kulemera kwa chingwe. Msodzi amaponya chingwecho kumbuyo, n'kudikira pang'ono kuti chiwongoke, kenaka n'kuchiponya kutsogolo. Akapupuluma, chingwe chimapiringizika kapena nyambo imaduka.

M'boma la Rumphi, usodzi umenewu ndi wodziwika m'madamu a ku Chelinda, m'malo osungirako nyama zakuthengo a Nyika amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1965. Nsomba zake ndi za rainbow trout, zimene kwawo ndi ku North America. Zimafuna madzi ozizira ndi oyera, choncho sizingawetedwe m'madzi ofunda a m'zigwa.