Nyumba sichiza, munthu amachiriramo

Pali mawu amene ayamba kuzolowereka pakati pa omasulira ndi olemba nkhani za umoyo: "nyumba zochiritsa", "malo ochiritsa", nthawi zina mpaka "munda wochiritsa". Amawalemba pofotokoza luso limene lakula m'maiko ambiri, lomanga zipatala ndi malo opumulirako mwa njira yakuti wodwala, kapena munthu amene mtima wamulemera, apezeko bwino. Lusolo ndi lenileni, ndipo n'loyenera kulikamba m'Chichewa. Pondivuta ine ndi pa mneni amene tasankhayo.

Kwathu kuno wochiza ndi dokotala kapena sing'anga. Chochiritsa ndi mankhwala, kapena Mulungu kwa munthu wopemphera. Wodwala amachira, bala limapola, wokomoka amatsitsimuka, ndipo amene dzulo amakana chakudya, lero akaitanitsa phala, timati wapezako bwino. Mneni aliyense ali ndi mwini wake. Mukauza mayi wa kumudzi kuti uko amanga nyumba yochiritsa, iye amva kuti m'nyumbamo muli mphamvu ina, kaya ya mizimu kaya ya mneneri, ndipo akufunsani kuti polowa amapereka zingati. Mayiyo sanalakwe. Wamva Chichewa monga momwe chimanenedwera.

Chonsecho chinenero chathu chili kale ndi njira yonenera chimene olembawo akufuna. Sitinena kuti nyumba yogonetsa, timati nyumba yogonamo. Sitinena kuti chipinda chodyetsa, timati chipinda chodyeramo. Mphasa ndi yokhalapo, mthunzi ndi wopumulirapo. Timawu ta kumapetoti, -mo ndi -po, timasiya ntchito m'manja mwa munthu, malo n'kungokhala omulandira. Motero nyumba ya mtundu umenewu ndi yochiriramo. Ikhoza kufulumizitsa kuchirako kapena kukuchedwetsa, koma wochira ndi munthu.

Umboni umene akatswiri a mapulani a nyumba amakonda kutchula ukuvomereza kanenedwe kameneka. Mu 1984 Roger Ulrich anasindikiza m'magazini ya Science zimene anapeza ataunika mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America, pakati pa 1972 ndi 1981. Theka la odwalawo linagona m'zipinda zimene mazenera ake anayang'ana ku mitengo. Enawo akasuzumira panja ankangoona khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo ankatuluka patatha masiku pafupifupi 8, anzawo aja pafupifupi 9, ndipo oyang'ana mitengowo sankafuna kwambiri mankhwala amphamvu opha ululu. Phindu lilipo ndithu, ndipo aliyense amene anagonapo m'wodi amadziwa kutalika kwa usiku umodzi. Koma kusiyanako sikunakwane ndi tsiku lathunthu lomwe, ndipo ndulu anaichotsa ndi dokotala. Wolemba amene amati mitengo inachiritsa odwalawo wanena zoposa zimene Ulrich anapeza.

Chipatala cha Paimio ku Finland chikuonetsa malire amenewa bwino lomwe. Alvar Aalto ndi mkazi wake Aino anachijambula, ndipo chinatha kumangidwa mu 1933, pakati pa nkhalango ya paini, kuti muzigona odwala chifuwa chachikulu. Nthawi imeneyo mankhwala a nthendayi kunalibe. Chimene madokotala anali nacho ndi mpweya wabwino, dzuwa, chakudya ndi kupumula, choncho odwala ankagonekedwa pa makonde aatali kwa maola ambiri atafunditsidwa mabulangete. Aalto anazindikira kuti munthu wogona chagada miyezi yambiri, chimene amaona ndi kudenga. Kudengako anakupaka utoto wosathobwa m'maso, nyale n'kuziika poti zisamawalire wogonayo kumaso. Ngakhale beseni losambira m'manja analiumba mopendeka kuti madzi azigwa mosasokosa, kuopa kudzutsa mnzake wa m'chipindamo. Chisamaliro chotere n'chosowa mpaka lero. Komabe chimene chinagonjetsa kachilombo ka TB ndi mankhwala amene anayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1940, ndipo pofika m'ma 1960 nyumba ya Paimio inayamba kulandira odwala matenda ena. Anthu ambiri anachiriramo. Nyumbayo sinachize ndi mmodzi yemwe.

Beseni la Aalto likutifikitsa pa vuto lachiwiri. Pofuna kunena za malo amene mtima umakhazikikako, ambiri akulemba kuti "malo achete", ena "malo a zii". Mawu awiriwa si olakwika pa okha, kungoti akunena zina. Chete ndi wa pakamwa: timauza ana kuti akhale chete, ndipo munthu akhoza kukhala chete mtima ukuwira. Zii ndiye woopsa. Pamudzi pakati zii ndiye kuti anthu palibe, mwina athawa, mwina ali ku maliro. Ndiwo zopanda mchere nazo timati zili zii. Palibe wodwala amene angakondwe kumva kuti akumutengera kumalo a zii.

Mawu ake ndi bata. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi amawadziwa bwino: mwera ukaleka nyanja imachita bata, koma madzi saleka kunyambita mchenga. M'bata mumamveka zinthu. Mbalame ikulira, wina akusesa pabwalo, patali amayi akucheza motsitsa mawu. Chimene mulibe ndi chodzidzimutsa. Kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa njerwa. Mmisiri amene wauzidwa kuti pakufunika chete amanga mpita wautali wa zitseko zotseka, n'kukhoma chikwangwani choletsa phokoso. Amene wauzidwa kuti pakufunika bata ayamba wafunsa kuti jenereta ikhala mbali iti, galimoto zizikhotera kuti, ndiponso ngati njira ya ku nyumba ya chisoni ikudutsa pansi pa zenera la wodi. Funso lomalizali ndi limene amaliiwala kawirikawiri.

Bata limalolanso anthu, ndipo apa ndi pamene omasulira ayenera kusamala ndi mabuku ochokera kunja, amene nthawi zambiri amajambula wodwala ali yekha m'chipinda chake. M'zipatala zathu wodwala sabwera yekha. Tinabwereka mawu akuti gadiyani, ndipo sindilimbana nawo, pakuti anamwino amaitana choncho ndipo aliyense amamva. Koma mawu athu akuti wodwazika matenda amatchula ntchito yeniyeniyo: kuphika, kuchapa, kutembenuza wodwala, kugona pansi pafupi ndi bedi. Palinso ozonda matenda, amene amafika masana ndi chakudya m'mbale zomanga pa nsalu. Pulani imene yaiwala anthu amenewa yaiwala theka la okhala pachipatala.

Ku Kasungu kuli chitsanzo chabwino. Mu 2015 bungwe la MASS Design Group linamanga chidikiro cha amayi oyembekezera pa chipatala cha boma. M'malo mwa chinyumba chimodzi chachitali cha mabedi ondondozana, anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, ta madenga otuluka kunja kwambiri kuti pakhale mthunzi ndi pobisala mvula, pamodzi ndi malo ophikira ndi ochapira. Anazindikira kuti mayi wodikira tsiku lake satha tsiku lonse pabedi. Amakhala panja ndi anzake ndi womudikirira. M'Chingerezi malowo anawatcha mudzi, ndipo apa womasulira asavutike kufuna mawu ena.

Ngakhale ku Ulaya komweko ena anafika pa nzeru yomweyi. Maggie Keswick Jencks, mayi wa ku Scotland amene ankalemba za kakonzedwe ka malo ndipo anadwala khansa, anatha miyezi yake yomaliza akulinganiza nyumba imene odwala khansa ndi abale awo angamapiteko akatuluka kwa dokotala. Anamwalira mu 1995, ndipo nyumba yoyamba ya Maggie's inatsegulidwa ku Edinburgh mu 1996. Zina zinatsatira, zojambulidwa ndi akatswiri otchuka monga Frank Gehry ndi Zaha Hadid. Pakati pa nyumba iliyonse pamakhala tebulo la kukhitchini pamene munthu amadzithirira tiyi n'kukhala ndi anzake. Mu nyumba zimenezi sabayamo jakisoni. Ndi zopezeramo bwino, zotonthozeramo mtima, ndipo aneni amenewa akukwanira.

Tsono pali mawu a chimene munthu amachita akakhala phee pamalo otere. Apa pali dzenje limene womasulira wothamanga amagweramo, la mneni wakuti kuganiza. Tikati munthu ali ndi maganizo, kapena akuganiza kwambiri, tikunena kuti nkhawa yamugwira, sakugona, akuwonda. Chipinda choganiziramo ndi chipinda chimene wachibale wanzeru angakutulutsenimo msanga. Kusinkhasinkha kuli bwino, ndipo akumpingo anakuzoloweretsa kale. Kungoti munthu amasinkhasinkha za chinthu, kaya mawu a m'Baibulo kaya mlandu wa mawa. Amonke a Chibuda a ku Japan akakhala pansi amafuna zina, zoti maganizo adutse osawagwira. Pamenepo kunena kuti akukhazika mtima pansi kukuyandikira kuposa kusinkhasinkha. Mawu akuti mbindikiro ndi abwino ponena za masiku opatulidwa a mapemphero, koma chibwerere Covid-19 kubindikira kwatenga fungo la kutsekeredwa, choncho ndi ofunika kuwagwira mosamala pa chikwangwani cha pachipatala.

Malo otchuka kwambiri a amonke amenewa ali pa kachisi wa Ryoan-ji mu mzinda wa Kyoto. Ndi pabwalo la makona anayi lothiridwa timiyala toyera, timene amatipalasa mizeremizere, ndipo pali miyala ikuluikulu 15 yoikidwa mwakuti munthu wokhala pakhonde sangaione yonse nthawi imodzi. Mtengo palibe, duwa palibe, kupatula ndere za m'mbali mwa miyalayo. Ndaonapo malowa atatchedwa "munda wa miyala". Kwa mlimi amenewo ndi mawu a tsoka, munda wothyola makasu. Munda umalimidwa ndipo umakololedwa, dimba limathiriridwa. Malo osesedwa, opanda mbewu, oti anthu akhale m'mbali n'kumayang'ana pakati, dzina lake ndi bwalo. Ku Ryoan-ji kuli bwalo la miyala, ndipo munthu amaliona ali pakhonde. Mawu onse awiri ndi athu, ndipo palibe chimene chatayika.

Makolo athu sanadikire mabuku kuti adziwe kuti malo amagwira mtima. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona ndi kanyumba kakang'ono, koma kali m'kati mwa msitu umene mitengo yake sidulidwa. Munthu asanafike pa kachisiyo amakhala atatsitsa kale mawu, chifukwa cha mthunzi ndi kuzizira kwa m'msitumo. Mayi wobereka kumene ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, kutali ndi piringupiringu wa pamudzi koma pafupi ndi azamba ndi anakubala. Sindikunena kuti timange zipatala zofanana ndi chikuta. Ndikunena kuti msitu, bwalo, khonde, mpanda ndi mthunzi ndi mawu a ntchito, oti alowe m'mapepala a mapulani ndi m'nkhani za pa wailesi, m'malo mwa mawu osaloza kanthu monga "malo okongola" kapena "chilengedwe chabwino".

"Malo okongola" ndiwo amabala kapinga wometedwa bwino wokhala ndi chikwangwani choletsa kuponda, odwazika matenda ali mbuu pa dzuwa kuseri kwa mpanda. Wolemba pulani akalemba kuti pakufunika mthunzi wokhalapo anthu mu October, wobzala mitengo ayenera kusankha. Bulugamu amakula msanga koma mthunzi wake ndi wochepa ndipo amamwa madzi ambiri. Mango ndi kachere zimakhala ndi masamba chaka chonse, ndipo pansi pake pamakwana mabenchi. Msangu uli ndi khalidwe lakelake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kuphukira m'chilimwe pamene mitengo yambiri ili mbee, ngakhale kuti minga yake imafuna wosesa m'mawa uliwonse.