Kachipangizo kamene kanapatsa gitala mawu

Kuno ku Karonga ukati "pickup", ambiri amaganiza za galimoto yonyamula mpunga wa kilombero. Ine ndikunena za kachipangizo kokhala pansi pa nsambo za gitala yamagetsi. Mkati mwake muli maginito wokulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala kambirimbiri. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi imene ampulifaya imakuza. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni sizimveka pa pickup yotere.

Mbiri yake inayambira ku America. Mu 1932, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anayamba kugulitsa gitala imene anthu anaitcha "Frying Pan" chifukwa inkaoneka ngati chiwaya. Mu 1954 kampani ya Fender inatulutsa Stratocaster, yokhala ndi ma pickup atatu a mtundu wa single coil. Mawu ake ndi owala ndi akuthwa, koma imatolanso kulira kwa magetsi a m'nyumba. Seth Lover wa ku Gibson anathana ndi vutoli mu 1955 polumikiza makoyilo awiri mosemphana kuti phokosolo lizifafanizana lokha. Iyi ndiyo humbucker, imene inaikidwa pa Les Paul mu 1957. Mawu ake ndi onenepa, olemera. M'zaka za m'ma 1970, Larry DiMarzio ndi Seymour Duncan anayamba kugulitsa ma pickup paokha, ndipo kusintha pickup kunasanduka malonda. Maonekedwe nawo analowa pamsika: ena ankafuna yakuda, ena yoyererako, ena yovindikira ndi chitsulo chonyezimira.

Kwathu njira inali ina. Anyamata ankapanga banjo ndi chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya. Allan Namoko wa ku Thyolo anatchuka ndi banjo, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anafika mpaka ku Ulaya ndi nyimbo zawo. Ku Karonga, kumene malire a Songwe ali pafupi, makutu athu anazolowera rumba ya ku Congo ndi ku Tanzania. Mverani Dr Nico kapena Franco wa OK Jazz, gulu limene linayamba mu 1956: magitala angapo amalukana, koma iliyonse imamveka payokha.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga a m'mabandi a kutchalitchi. Ambiri amasirira humbucker yaukali chifukwa anaiona pa YouTube m'manja mwa woimba rock. Koma pickup yotero inapangidwira kukankha ampulifaya mpaka mawu asasale. Ukaiika m'sebene, gitala yotsogolera imamira m'kiyibodi ndi besi, ndipo ndalama zimene ukanagulira mabuku zapita. Komanso humbucker ndi yotambalala. Kuti ilowe pamalo a single coil, nthawi zambiri pamafunika kusintha chivindikiro kapena kusema thupi la gitala, ndipo thabwa losemedwa silibwerera.

Sindikudana ndi kukongola. Ovina mapenenga amadziwa kuti yunifolomu yoyera ndi mbali ya gule. Komabe gule amayamba ndi ng'oma. Musanatumize munthu ku Mbeya kapena ku Dar es Salaam kukakugulirani pickup, yambani mwaika nsambo zatsopano, mukweze kapena kutsitsa pickup muli nayoyo ndi sikuludiraiva, kenako mumvetsere. Ngati mawu akukanabe, gulani imene ikugwirizana ndi nyimbo zimene anthu a kwanu amavina. Mtundu wa chivindikiro musankhe pomaliza.